Ku Zengeza, Nyali za Pachipumi Zikusowa Woziwerenga

Zengeza ndi limodzi mwa madera atatu amene anaphatikizidwa mu 1978 kukhala tauni ya Chitungwiza. Ena awiriwo ndi Seke ndi St Mary's. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare, ndipo kalembera wa mu 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Boma la atsamunda linaikonza kuti ikhale kogona antchito: m'mawa azikwera basi kupita ku mafakitale a mumzinda wa Salisbury, madzulo azibwerera. Mpaka lero msewu wa Seke umadzaza ndi timabasi totchedwa kombi, todzaza anthu olawirira ku Harare. Zengeza weniweniyo anagawidwa m'zigawo zisanu, kuyambira Zengeza 1 mpaka Zengeza 5. Nyumba zake n'zazing'ono, zanjerwa, zondondozana m'mizere, ndipo kuseri kwa zambiri kuli tizipinda towonjezera ta alendi.

M'dera lino mulibe mgodi, mulibenso phanga loti mlendo angabwere kudzaliona. Komabe munthu wofuna kumvetsa za moyo wa pansi pa nthaka akhoza kuyambira kuno. Kuno kukukhala agogo amene anakalambira m'migodi, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Kuno n'kumenenso adzukulu awo amagula nyali zomanga pachipumi asananyamuke kupita kukakumba golide m'maenje otentha ndi achinyezi a ku Mazowe, ku Shamva, ku Kadoma ndi ku Penhalonga. Nkhani ya nyali imeneyi ikukhudzanso alimi a kwathu, pakuti m'nyengo yachilimwe ambiri akumasiya khasu n'kupita kukasaka golide ku Makanjira, ku Lisungwi kapena ku Manica, ndipo ena amatsikira m'zitsime zakuya pofuna madzi othirira dimba.

Mdima wa m'tauni

Chimene chinayamba kubweretsa nyali ya pachipumi m'makomo a Zengeza ndi kuthima kwa magetsi. Mu 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo vutoli linakulanso kumapeto kwa 2022. Chinanso ndi madzi. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imatha masiku ambiri ili youma. Anthu sanaiwale kuti kolera ya mu 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonselo, inayambira m'tauni muno. Motero amayi amalawirira ku mjigo kukadali mdima, ndipo wosenza ndowa amafuna manja onse awiri. Mbandakucha mumaona timiuni tikuyenda m'misewu yafumbi ngati ziphaniphani, wina kupita kumadzi, wina kukaoda tomato, wina kukadikira kombi yoyamba.

Pa misika ya Zengeza 2 ndi Chikwanha, nyalizi zimayalidwa pansi pamodzi ndi mabatire, maloko ndi mawaya otchajira foni. Zambiri n'zapulasitiki wopepuka, zokhala ndi lamba wotamuka, ndipo mtengo wake ndi madola ochepa chabe. Ndinaima pa malo a mayi wina amene anandimva ndikulankhula pa foni, ndipo anandipatsa moni m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Makolo a bambo ake anachokera ku Ntcheu, iye sanafikeko. Nditamufunsa kuti, “Mayi, kodi amene amagula zambiri nthawi imodzi ndi ayani?” anayankha kuti ndi makorokoza, dzina limene kuno amatchulira anthu okumba golide paokha. Anati amagula ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu, chifukwa amadziwa kuti pansi nyali zotere sizichedwa kufa. Anawonjezera kuti mng'ono wa mwamuna wake ndi mmodzi wa iwo, ndipo akachoka banja silidziwa dzenje limene walowa.

Mmene Chichewa chinafikira kuno

Kuti mayi wa ku Zengeza apereke moni wa ku Ntcheu si zangozi. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland ankayenda pansi milungu yambiri, kuwoloka Zambezi, kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia. Msonkho unali kuwathamangitsa kumudzi. Mu 1946 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito limene anthu kwathu ankalitcha Mthandizi, pamene ena ankapita ku Joni kudzera ku Wenela. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha matchona. M'makomboni a migodi anamanga mizikiti ndi matchalitchi, anayambitsa magulu othandizana pa maliro, ndipo gule wamkulu anazika mizu kutali ndi kwawo.

Kenaka migodi inayamba kutsekedwa. Wa Kamativi unatsekedwa mu 1994, wa Mhangura mu 2000. M'chaka chomwecho cha 2000 kugawidwa kwa mafamu kunachotsa antchito ambiri pa malo amene anabadwira. Munthu amene agogo ake anachokera ku Dedza analibe mudzi woti athawireko m'Zimbabwe, choncho ambiri anadzapanikizana kwa abale m'matauni ngati Chitungwiza ndi Epworth. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Zaka zonsezo, mnyamata wopanda chitupa sakanalembedwa ntchito pa kampani. Dzenje la golide lokha ndilo silinkafunsa chitupa. Masiku ano golide woposa theka la amene amagulitsidwa ku boma la Zimbabwe amachokera kwa okumba ang'onoang'ono otere.

Chipinda cha nyali

M'nyumba ina ku Zengeza 3 ndinacheza ndi gogo wina wamwamuna amene anagwira ntchito zaka zambiri pa mgodi wa golide wa kufupi ndi Kadoma. Anachoka ku Dedza ali mnyamata. Atamva kuti ndikufunsa za nyali, anatumiza mdzukulu kukatenga chisoti chake chakale, chokhala ndi kachitsulo kutsogolo kokolekapo nyali.

Anafotokoza kuti akuluakulu amene anawapeza pa mgodi anayamba ndi makandulo ndi nyali za kabaidi. Nyali ya kabaidi ili ndi zipinda ziwiri: madzi amadontha kuchokera pamwamba kugwera pa timiyala ta kabaidi, ndipo mpweya wotulukapo ndiwo umayaka. M'nthawi yake kunabwera nyali yamagetsi. Batire lake linali lolemera, lomangirira palamba m'chiuno, ndipo chingwe chinkadutsa kumsana mpaka pachisoti. Linkayaka shifiti yonse. Koma chimene gogoyu anakhalitsapo pofotokoza ndi nyumba yosungiramo nyalizo. Munthu aliyense anali ndi nambala, ndipo nyali yake inali ndi malo akeake pa thandala lotchajira. Potsika umatenga nyali ya nambala yako, potuluka umaibweza. Shifiti ikatha, woyang'anira ankayenda m'mizere kuona ngati pali malo opanda nyali.

“Mdzukulu wanga,” anatero, “malo akakhala opanda nyali, ndiye kuti munthu watsala pansi. Palibe ankapita kukagona.”

Sikuti migodi ya atsamunda inali yachifundo. Malipiro anali ochepa, tsankho linali poyera, ndipo anthu ankafa. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie Nambala 2, ku Hwange, unaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo Amalawi, ndipo mitembo yambiri inatsekeredwa momwemo. Koma chiwerengero chawo chinadziwika, pamodzi ndi mayiko amene anachokera, chifukwa aliyense wotsika ankalembedwa. Tiyerekeze ndi zimene zinachitika mu Febuluwale 2019 ku Battlefields, kufupi ndi Kadoma, pamene madzi a mvula anasefukira usiku m'maenje a Cricket ndi Silver Moon. Akuluakulu a boma ankangoganizira kuti mwina pansi pali anthu 60 kapena 70. Anthu 8 anatulutsidwa amoyo, ndipo mitembo yosachepera 24 inapezeka. Pakamwa pa maenjewo panalibe buku, panalibe thandala la nyali.

Kutentha kumene thukuta silikuthetsa

Gogo uja anakumbukanso zimene anzake obwerera ku Joni ankasimba. Migodi ya golide ya ku South Africa ndi yakuya kwambiri, ndipo munthu akamatsika m'pamenenso miyala imatentha. Pa mgodi wa Mponeng, umene umafika makilomita pafupifupi 4 pansi, mwala umatentha madigiri 60 kapena kuposa, moti kampani imatsitsira madzi oundana pansi kuti mpweya uzizireko. M'zaka za m'ma 1930 dokotala wina dzina lake Dreosti anayamba kuyesa antchito atsopano pa mgodi wa City Deep powagwiritsa fosholo m'chipinda chotenthetsedwa. Pofika m'ma 1960 njirayi inasintha: amuna ankalowetsedwa m'chipinda chodzaza nthunzi, cha madigiri pafupifupi 32, n'kumakwera ndi kutsika pa kasitepe maola anayi pa tsiku kwa masiku angapo. Anthu ankadana nacho chipindachi, pakuti ankawavula zovala ndi kuwayeza ngati ziweto. Komabe chimene madokotala anapeza n'choona: thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere ntchito ya m'malo otentha, ndipo mlendo ndiye amayamba kugwa.

Wina angafunse kuti madigiri 32 ali ndi vuto lanji, pamene ku Nsanje kapena ku Tete mwezi wa Okutobala kumapitirira 40. Yankho lili pa mtsuko. Madzi a mumtsuko wadothi amazizira chifukwa chinyontho chotuluka kunja kwa mtsukowo chimauma ndi mphepo. Thupi la munthu limadzizizira chimodzimodzi: thukuta likamauma limachotsa kutentha. Koma mpweya ukadzaza kale ndi chinyezi, monga zimakhalira m'dzenje lonyowa lopanda mphepo, thukuta siliuma. Limangoyenderera ngati zovala zoyanikidwa tsiku la mvula yamvumbi. Munthu amataya lita imodzi ya madzi kapena kuposa pa ola, koma thupi silizizira. Kutentha kwa m'thupi, kumene kumayenera kukhala madigiri 37, kukapitirira 40, ubongo umasokonezeka ndipo imfa imakhala pafupi.

Mapanga awiri

Phanga limene ana a sukulu a ku Chitungwiza amalidziwa ndi la Chinhoyi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Harare pa msewu wa ku Chirundu. Eni dera amalitcha Chirorodziva. Mlendo amatsika masitepe mpaka pa dziwe la madzi obiriwira ngati thambo, amene amakhala pa madigiri 22 chaka chonse. Limeneli ndi phanga lofatsa, lozizira bwino, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka nthawi zonse pamakhala pozizira.

Kuti tione mbali inayo tiyenera kupita kutali, ku Naica m'chigawo cha Chihuahua ku Mexico. Mu 2000 anthu ogwira ntchito pa mgodi wa siliva ndi mtovu anaboola khoma pa mamita pafupifupi 300 pansi, n'kupeza phanga lodzaza miyala yoyera yonyezimira, ina yotalika mamita 11, yopingasana ngati mitengo yogwa. Miyalayo inakula pang'onopang'ono m'madzi otentha kwa zaka zikwi mazanamazana. M'phangamo kutentha kunkafika madigiri 58, ndipo chinyezi chinali pakati pa 90 ndi 99 peresenti. Munthu wopanda zodzitetezera sakanapirira kupitirira mphindi 10. Mpweyawo unali wotentha kuposa mapapo a munthu, kotero nthunzi inkasanduka madzi m'chifuwa mwa wopumayo.

Akatswiri a mapanga a gulu la La Venta la ku Italy, amene anayamba kufufuza phangali mu 2006, anasoka zovala zokhala ndi timachubu ta madzi oundana, ndipo ankapuma mpweya wozizira wochokera m'chikwama cha kumsana. Ngakhale ndi zida zonsezo, nthawi ya munthu m'katimo inali ndi malire. Panja pankakhala anzawo ogwira wotchi, olankhula nawo pa wailesi, okonzeka kuwatulutsa. Mu 2015 ntchito ya mgodiwo inaima ndipo madzi anayamba kubwerera m'malo amene makina ankapopa. Mlimi wa ku Neno kapena mnyamata wa ku Zengeza sadzagula chovala cha madzi oundana. Koma aone kuti anthu amene anali ndi ndalama ndi maphunziro onsewo anadalirabe zinthu ziwiri zosagula: malire a nthawi, ndi munthu wodikira panja.

Nyali yoyenera malo onyowa ndi otentha

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyali yowala kwambiri pa msika siyo imakhalitsa pansi. Mdani wake woyamba ndi madzi. Thukuta lili ndi mchere, ndipo likalowa m'chipinda cha mabatire limadya tizitsulo mpaka nyali imayamba kuphethira. Chinanso, chinthu chozizira chikalowa mumpweya wotentha wachinyezi chimagwira mame, monga botolo lochokera mufiriji. Mame amenewa amapangika ngakhale m'kati mwa galasi la nyali yosatsekeka bwino. Pogula, yang'anani ngati chivindikiro cha mabatire chili ndi kamphira kozungulira. Pa nyali zina pamalembedwa zizindikiro. IPX4 ikutanthauza kuti imapirira madzi owaza okha. IP67 ikutanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo ikhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Pa katundu wotsika mtengo zolembazi nthawi zina zimakhala zabodza, choncho ndi bwino kuiyesa nyali m'beseni la madzi kunyumba, kusiyana ndi kukaidziwira pansi.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Nyali za masiku ano za LED zimadya moto pang'ono, koma nazonso zimatentha, ndipo zikayatsidwa pa mphamvu yonse m'malo otentha kale zimafooka msanga, batire n'kutha mwachangu. M'dzenje lodzaza nthunzi kapena fumbi kuwala kwambiri kumabwerera m'maso ngati nyali za galimoto mu nkhungu. Kuwala kwapakati, kofalikira, ndiko kumaonetsa popondapo ndipo kumasunga batire. Mabatire a lithium otchaja asasiyidwe padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo lotupa kapena lobooka litayidwe, chifukwa limatha kuyaka. Mabatire wamba akatha achotsedwe, pakuti amatulutsa madzi owononga nyali. Osungira akulungidwe m'pulasitiki, lililonse palokha.

Anthu oyenda m'mapanga padziko lonse ali ndi lamulo limodzi: munthu aliyense anyamule nyali zitatu zosadalirana. Imodzi pachisoti, ina m'thumba, yachitatu yaing'ono pakhosi. Foni isawerengedwe ngati nyali. Mdima wa pansi pa nthaka si wofanana ndi wa usiku wopanda mwezi, umene maso amauzolowera. Kumeneko ngakhale mutakhala tsiku lonse simungaone dzanja lanu, ndipo munthu wopanda kuwala sangapeze njira imene analowera.

Nyali imafuna chisoti cholimba chokhala ndi lamba wa pachibwano, chifukwa lamba wotamuka amaterereka pa chipumi chonyowa. Chisoti cha pa ntchito yomanga chikhoza kuthandiza. Zovala zikhale zopepuka. Jekete ya pulasitiki yotchinga mvula imatsekera thukuta m'kati ndipo imafulumizitsa ngozi. Majombo ateteza mapazi, koma madzi ndi thukuta zikakhalitsamo khungu limasupuka, choncho potuluka mapazi asambitsidwe ndi kuumitsidwa. Chingwe chotsikira chiyang'anidwe tsiku ndi tsiku, pakuti chinyontho chimaoletsa chingwe cha khonje kuyambira m'kati.

Madzi akumwa ndi chida ngati zina zonse. Munthu amwe pang'onopang'ono, kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu. Wotuluka thukuta maola ambiri amatayanso mchere. Amayi a ku Zengeza amadziwa kale kusakaniza madzi a mchere ndi shuga monga amaphunzitsira ku chipatala kuno: botolo la mamililita 750 la madzi aukhondo, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Kwathu Thanzi ORS amagwira ntchito yomweyo. Mowa ndi kachasu zimaumitsa thupi, ndipo wogona ataledzera amatsika m'mawa ali kale pa ngozi.

Zimene nyali siiona

Pali chinthu chimodzi chimene kandulo ya makolo inkachita, chimene nyali ya LED singathe. Mpweya wabwino umakhala ndi okosijeni wokwana 21 peresenti. Akatsika kufika pa 16 kapena 17, lawi la kandulo limafooka n'kuzima, munthu akadali ndi mphamvu zothawira. Nyali yamagetsi imawalabe bwinobwino pachipumi cha munthu amene wakomoka. Okumba zitsime akale ankayamba atsitsa nyali yamoto pa chingwe asanalowe okha, ndipo ikazima ankadziwa kuti pansi pali mpweya woipa. Mwambowu usatayidwe. Koma usayesedwe m'migodi ya malasha, m'zimbudzi, kapena pamalo pamene pali zinthu zowola kapena fungo la petulo, chifukwa kumeneko mpweya umaphulika ukakumana ndi moto.

Kandulo nayonso siona zonse. Utsi wa injini ya petulo kapena dizilo uli ndi poizoni wopanda fungo ndi mtundu, amene amapha ngakhale lawi likuyaka bwino. Pampu kapena jenereta isatsitsidwe m'dzenje kapena m'chitsime, ndipo ikhale patali ndi pakamwa pake, kumene mphepo ikupita. Utsi wotsala pambuyo pophulitsa miyala umapsereza mapapo, ndipo munthu akhoza kutuluka akuyenda yekha n'kudzabanika usiku. Wina akakomoka pansi, mnzake asathamangire kutsika wopanda chingwe m'chiuno ndi anthu omugwira pamwamba. Kawirikawiri ngozi za m'zitsime zimapha awiri kapena atatu, chifukwa wopulumutsa amagwera mumpweya womwewo.

Fumbi la miyala ya golide limaumitsa mapapo pang'onopang'ono ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu. Kunyowetsa mwala pobowola kumachepetsa fumbi kuposa kansalu ka pamphuno. M'mapanga ndi m'migodi yakale yokhala mileme, ndowe zake zouma zimakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo, choncho alimi okatenga manyowa amenewa awaze madzi asanakolope ndipo atseke mphuno ndi pakamwa. Pomaliza pali mvula. Zimene zinachitika ku Battlefields zikutiphunzitsa kuti mvula yogwa kumtunda usiku imafika pansi mosachenjeza, ndipo nthaka yonyowa imagumuka. Miyezi ya dzinja ndi ya kumunda.

Zizindikiro za kutentha aliyense azidziwe: mutu, chizungulire, nseru, kukokana kwa minofu, mkodzo wochepa wofiirira. Woona zimenezi atuluke, apume pamthunzi, amwe madzi. Koma munthu akayamba kulankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa, kudzandira kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi yaikulu. Atulutsidwe msanga, avulidwe zovala, athiridwe madzi ozizira thupi lonse ndi kukupiziridwa, ndipo apite naye kuchipatala kuziziritsako kukupitirira. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Vuto la kutentha n'lakuti wodwalayo sadzizindikira, choncho amene angamupulumutse ndi mnzake womuyang'ana.

Buku la pakamwa pa dzenje

Mlangizi kapena wogwira ntchito za chitukuko sangaletse anthu kupita ku golide pamene kunyumba kulibe ufa. Sangagulirenso aliyense makina oyezera mpweya. Chimene angathe ndi kubwezeretsa ntchito ya chipinda cha nyali chija, ndipo mtengo wake ndi kope la sukulu ndi cholembera. Pakamwa pa dzenje kapena chitsime pakhale munthu mmodzi amene satsika. Alembe dzina la aliyense wolowa, nthawi yolowera, nthawi yoyenera kutuluka, ndi nambala ya foni ya m'bale wake. Kumene anthu sakonda kulemba, thabwa lokhomedwa misomali likwanira: wotsika apachikepo chizindikiro chake, wotuluka achichotse. Gulu ligwirizane za kukoka chingwe, kuti kamodzi kakutanthauza chiyani, katatu chiyani. Watsopano ayambe ndi maola ochepa ndi ntchito yopepuka sabata yoyamba. Nthawi ikakwana, wa pamwamba aitane, ndipo mawu ake akhale omaliza ngakhale mwala ukuonetsa golide.

Ena adzakana kulembedwa poopa apolisi, makamaka amene akukumba popanda chilolezo. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo n'chifukwa chake bukulo liyenera kukhala la gulu lenilenilo kapena la mabanja awo. Magulu othandizana pa maliro, amene matchona anayambitsa m'makomboni, akadalipo m'Chitungwiza, pamodzi ndi mabungwe a amayi a m'matchalitchi ndi m'mizikiti ndi magulu osunga ndalama. Gulu limene limatha kusonkha ndalama za bokosi likhozanso kusunga mndandanda wa anyamata ake, dera limene apita ndi tsiku lobwerera, ndiponso kugula zisoti ndi nyali zabwino zingapo zobwereketsa. Nyali yobwereka ili ndi ubwino wina: mwini wake amaidikira.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. M'misewu ya Zengeza, monganso m'midzi ya ku Dedza, Mzimba, Angónia ndi Chipata, mukadali amuna amene amadziwa kugogoda denga la mgodi ndi chitsulo n'kumva ngati mwala uli wolimba kapena wagweragwera, amene amadziwa kuimika mitengo yochirikiza ndi kuzindikira mpweya woipa. Ambiri apitirira zaka 70, ndipo chaka chilichonse akuchepa. Pokonza msonkhano wa achinyamata opita ku golide kapena wa okumba zitsime, mlangizi awaitane agogo amenewa, awapatse mpando wa kutsogolo, ndipo msonkhanowo uchitike mwezi wa Epulo kapena Meyi, anthu akangokolola, ulendo wa kumaenje usanayambe.